Vitz yanga yatopa ndi msewu wa ku Machinjiri: ndigule Sienta, Fielder kapena Aqua?

Mayi a Tadala, Machinjiri

Moni nonse. Ndakhala ndikuwerenga zokambirana zanu kwa nthawi ndithu osalembapo kanthu, koma lero nkhani yandifika pakhosi, ndiye ndati ndifunse kwa inu odziwa. Paja safunsa anadya phula.

Ndili ndi Vitz ya 2007, ija ya injini ya 1.0, ya masilinda atatu. Ndinaigula mu 2018 kwa mnzanga wa kuntchito amene ankasamukira ku Lilongwe, ndipo sindingainyoze ayi. Yandinyamula zaka zonsezi, yapititsa ana kusukulu, usiku wina inathamangira kuchipatala ndi mwana wa aneba mvula ili pakati. Mafuta imamwa pang'ono. Koma ntchito imene ndikuipatsa masiku ano yaikulira.

Ndimakhala kumtunda kwenikweni. Kuchokera pamene tala wathera kukafika pageti panga pali kilomita imodzi ndi theka ya msewu wafumbi. Chilimwe ndi miyala yokhayokha, dzinja madzi amakumba ngalande pakati penipeni pa msewu. Pafupi ndi mjigo pali mwala wina wotumphuka ngati linunda la ng'ombe. Ndikakhala ndekha ndimaudutsa bwinobwino, tayala lakumanja ndimalikweza pamwamba pa mwalawo, galimoto n'kupendekeka pang'ono, n'kudutsa. Ndikanyamula katundu pansi pamakhula, ndipo phokoso lake limandilowa mpaka m'mano. Ekizozi ndawotcheretsa katatu chaka chino chokha.

Katundu amene ndikunenayu ndi wa nkhuku. Masana ndimagwira ntchito mu ofesi ku Limbe, koma kunyumba ndimaweta nkhuku za mazira, pano zilipo 300. Pa sabata zimadya matumba asanu a makilogalamu 50. Vitz imakwanitsa matumba atatu basi, awiri pampando wakumbuyo limodzi kubuti, ndiye Loweruka ndimayenda maulendo awiri. Pa chitunda chomaliza chija ndimazimitsa AC, ana amatsika n'kumayenda pansi, ine n'kumaponda moto galimoto ikungolira osapita. Lachiwiri ndi Lachisanu ndimatsika ndi mathireyi 25 kapena kuposerapo, kukasiya m'magolosale ndisanalowe ntchito. Thireyi lapansi likhale ndi mazira awiri atatu osweka, phindu la thireyilo lapita.

Komanso kamodzi pamwezi timapita ku Thyolo kukaona amayi anga, tonse asanu, pobwera ndi nthochi ndi thumba la chimanga.

Ndalama ndasonkhanitsa, ya mazira, ya banki m'khonde, kuphatikizapo imene ndipeze ndikagulitsa Vitz. Ndazungulira m'malo ogulitsira magalimoto m'tauni ndi ku Limbe, ndipo ikufikira pa zitatu: Sienta yakale ija ya maso ozungulira, ya 2011 kapena 2012, Fielder ya 2010, kapena Aqua ya 2013.

Mtima wanga unali pa Sienta chifukwa cha malo. Mipando iwiri yakumbuyo ija imapindika n'kulowa pansi, kumbuyo n'kukhala ngati kachipinda. Zitseko zake zokoka zija n'zabwino polongedza mathireyi. Chondibweza m'mbuyo n'choti mu Blantyre muno aliyense amaiona ngati takisi. Achemwali anga ali nayo ku Chilomoni, amati sangadutse pa siteji popanda munthu kuwaimika, ndipo tsiku lina ataima kuti agule tomato mnyamata wina anangotsegula chitseko n'kukhala, akuyesa ndi matola.

Aqua akundiuza ndi alamu anga, chifukwa cha mafuta. Mizere ija tonse tinaigona. Ine ndinagona m'galimoto usiku wathunthu pa filling station ina ku Limbe, m'mawa mwake mafuta n'kuthera galimoto yachitatu kutsogolo kwanga. Ndiye mawu oti pali galimoto yomwa theka la imene ndimamwetsa sindingawanyalanyaze. Koma ndikaiona mmene inafupikira pansi, ndimakumbukira mwala wa pa mjigo uja.

Bambo a kunyumba akufuna Mark X. Amagwira ntchito ku Mwanza, amabwera kumapeto kwa sabata, ndipo akuti banja lafika poti liyendere galimoto yaulemu. Ndikuwamvetsa, avutika nafe zaka zambiri. Koma galimotoyi woiyendetsa masiku asanu ndi limodzi pa sabata ndine, ndipo nkhuku ndi zimene zikulipira fizi.

Ndiye ndithandizeni. Pa zitatuzi iti ingapirire msewu wotere ndi katundu wotere? Hybrid ngati Aqua, yoyendera mafuta ndi batire, imakhalitsa pa fumbi? Ndipo ndigule imene ili kale muno, kapena ndiode ku Japan?

Makanika wa ku Ndirande

Mayi, zikomo pofotokoza bwino chonchi, ambiri amangofunsa kuti galimoto yabwino ndi iti osanena kumene amakhala. Ine ndimakonza magalimoto ku Ndirande kuno, chaka chino ndi cha 19 ndili pansi pa galimoto.

Poyamba mudziwe kuti Sienta imene mukunenayo ndi Fielder ya 1.5 ya 2010 zili ndi injini imodzi, 1NZ. Ndi yomweyonso ili mu Probox ya 1.5, mu Ractis ya 1.5, mu Axio. N'chifukwa chake simungaisowere masipeya. Mukabwera mumsika wa Ndirande muipeza coil, water pump, sensa, ngakhale injini yathunthu yophwasula m'galimoto ina. Ikakufelani ku Bvumbwe kapena ku Lunzu, mnyamata aliyense wogwira sipanala aidziwa. Ili ndi tcheni m'malo mwa timing belt, ndiye mukamasintha oyilo pa nthawi yake mumaiiwala. Pa injini palibe mpikisano pakati pa ziwirizi.

Nkhani ili pa giyabokosi ndi kumbuyo kwa galimoto.

Zonse ziwiri, zikakhala zokoka ndi matayala akutsogolo okha, zambiri zimabwera ndi giyabokosi yotchedwa CVT, ngati Vitz yanuyo. M'kati mwake mulibe magiya oluma mano ngati akale aja, muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri. Pa tala imayenda bwino ndipo imasunga mafuta. Chimene imadana nacho ndi chimene inu mukuchita Loweruka lililonse: kuima pakati pa chitunda ndi katundu wolemera, kenako kuponda moto kuti inyamuke. Imatentha, lamba amayamba kuterereka, mumayamba kumva kulira kwa wiii musanaone liwiro. Chachiwiri ndi oyilo. CVT ili ndi oyilo wakewake, wa Toyota amalembedwa TC kapena FE malinga ndi galimoto. Mwezi wathawu anandibweretsera Sienta yokokedwa ndi chingwe. Mwini wake anakaipangitsa sevisi kwinakwake, anaithira ATF, oyilo wofiira uja wa automatic wamba, chifukwa ndi wotchipa. Inayenda milungu itatu basi. Titatsegula sampu ya giyabokosi, maginito ake anali atadzaza tizitsulo ngati utuchi. Bambo aja anagula giyabokosi ina, ndalama imene akanagulira oyilo woyenera kambirimbiri.

Kumbuyo, Sienta imaoneka yaitali chifukwa cha denga, koma pansi si yokwera. Muikemo matumba asanuwo, makilogalamu 250, muone mmene imakhalira pansi kumbuyo. Mwala wanuwo iukhula ndithu. Fielder imakwerako pang'ono koma ndi yaitali kumchira, potsika mu ngalande bampala wakumbuyo amagunda. Ena amaika ma spacer kuti ikwere. Pang'ono pokha zimatheka, ine ndimaika. Mukakweza mopyola mumayamba kudya ma CV joint ndi ma shock, galimotonso imayamba kuyenda mopepuka pa kona.

Ndiye ine ndikuuzani galimoto imene simunaitchule. Probox. Ndikudziwa, mwina mwakwinya kale nkhope. Koma ku Japan inapangidwira ntchito imeneyi, kunyamula katundu wa makampani tsiku ndi tsiku. Ya van inalembedwa kuti imanyamula makilogalamu 400 mukakhala anthu awiri kutsogolo, amenewo ndi matumba asanu ndi atatu a chakudya cha nkhuku. Masipuling'i akumbuyo ndi olimba, sikhala pansi. Ndipo zakale zija, zisanasinthe nkhope mu 2014, zili ndi automatic wamba ya magiya anayi kapena manual, osati CVT. Giyabokosi imeneyo imapirira nkhanza. Mupeze ya 1.5, chifukwa ilinso ya 1.3 imene pa chitunda chanucho idzakukumbutsani Vitz.

Kuipa kwake sindikubisirani. Mpando wakumbuyo wa van ndi wopyapyala ngati benchi ya m'kalasi. M'kati mumamveka phokoso la msewu. Ikakhala yopanda katundu imadumpha pa mabampu, ndiye mazira muyenera kuwayalira kanthu pansi. Ilipo ya wagon ya mipando yabwinoko, koma imasowa.

Za Mark X, muwauze bambo mwaulemu kuti galimoto ndi yokoma, inenso ndimaikonda ikamalira. Koma ndi V6 ya 2.5, ma plug asanu ndi limodzi, ma coil asanu ndi limodzi, ndi yofupika pansi, ndipo imakoka ndi matayala akumbuyo. Pa matope a ku Machinjiri mu Januwale kumbuyo kumangovina. Imeneyo ndi ya munthu wokhala ku Namiwawa.

Wa Aqua yoyera, Chinyonga

Bwana makanika ndimakupatsani ulemu, koma za Aqua mwangozidumpha ngati si galimoto. Amakanika ambiri muno mumaiopa chifukwa imafuna kompyuta, basi.

Aunt, ine ndili ndi Aqua chaka chachinayi tsopano. Ndimakhala ku Chinyonga, ndimagwira ntchito m'tauni, ndipo kawiri pamwezi ndimapita ku Zomba. M'tauni ndimapeza makilomita 20 kapena kuposa pa lita. Pa mzere wa magalimoto uja wa madzulo mu Chipembere Highway, kuyambira pa Ginnery Corner kukafika pa Chichiri, injini imakhala itazima, ndikuyendera batire, anzanga onse akuwotcha mafuta ataima. Nthawi ya kusowa kwa mafuta ija ndinkati ndikadzaza thanki ndimatha milungu itatu osaonanso mzere. Sindinagulepo mafuta a m'zigubu ngakhale kamodzi. Ma brake pad ndasintha kamodzi kokha, chifukwa ukamachepetsa liwiro mota ndi imene imagwira kwambiri, n'kumatchajanso batire.

Za fumbi mwafunsa bwino. Batire lalikulu lili pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo lili ndi kafani koliziziritsa kamene kamakoka mpweya wa m'galimoto momwemo, kudzera pa kabowo ka m'munsi mwa mpandowo. Fumbi likadzaza pamenepo batire limatentha n'kufa msanga. Ine ndimatsukitsa kafaniko pa sevisi iliyonse. Ma Aqua ambiri amene mumamva kuti batire lafa, eni ake sankadziwa n'komwe kuti kafaniko kalipo.

Koma ndinene chilungamo. Ndi zimene mwafotokozazo, Aqua si yanu. Ine ndekha pa mabampu ena ndimadutsa chopingasa. Buti yake ndi yaing'ono, ndipo fumbi la chakudya cha nkhuku lingathe kafani kaja mwezi umodzi. Imene ndingakuuzeni ndi Fielder ya hybrid, zinayamba mu 2013. M'kati mwake muli zomwezo za Aqua, koma thupi ndi la Fielder. Ngati ndalama ingafike, dikirani miyezi ingapo muonjezere. Mafuta akwera kangati kuchokera pamene munagula Vitz? Sadzatsikanso amenewa.

Makanika wa ku Ndirande

Achimwene, sindiiopa ayi, makina oyezera ndili nawo ndipo ma cell a batire ndimasintha. Ndinaidumpha chifukwa amayiwa atchula mwala. Za kafani mwanena zoona, onse a hybrid amve zimenezo. Koma galimoto ya 2013 batire lake lakalamba kale lisanafike muno. Wogula aiyezetse kaye, asangomva zoti ikuyenda.

Mkulu wa ku Chigumula

Ine ndiyankhe funso lachitatulo, chifukwa njira zonse ziwiri ndaziyenda ndipo imodzi inandiliza.

Mu 2016 ndinaoda Axio ku Japan. Zinali zosavuta: ndinasankha pa intaneti, ndinapita kubanki, ndalama zinatumizidwa, patatha mwezi ndi theka galimoto inali pa doko la Dar es Salaam. Ndinakwera basi kukaitenga ndekha ndi mphwanga. Tinadutsa Morogoro, Mikumi tikuona nyama m'mbali mwa msewu, Iringa, Makambako, kukhotera pa Uyole kutsikira ku Tukuyu mpaka Kasumulu. Pa Songwe tinakhala masiku awiri kudikira za msonkho. Kenako Karonga, kukwera Chiweta, Mzuzu, mpaka kuno. Galimoto imeneyo ndili nayo mpaka lero, ndipo ndimaidziwa kuyambira tsiku limene inaponda dothi la Africa. Ubwino wa kuoda ndi umenewo, palibe wina anaizunzapo m'misewu yathuyi.

Mu 2023 ndinati ndiodere mayi a kunyumba. Ndalama zakunja zinali zitayamba kale kusowa, kubanki ndinadikira milungu yambiri osapatsidwa madola. Ndinapereka ndalama kwa munthu wina amene amaodera anthu, sindimutchula. Galimoto ili panyanja, mu November kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Zonse zimene zinatsala kulipira, za padoko, za woyendetsa, zinakwera pamodzi. Munthu uja anayamba kusayankha foni. Galimoto inakhala padoko ikuwerengedwa ndalama ya malo tsiku lililonse. Ndinagulitsa ng'ombe ziwiri kumudzi kuti ndiiwombole. Itafika, inali ndi dzimbiri pansi limene pa zithunzi silinkaoneka.

Ndiye mayi, ndalama yanu ndi ya banki m'khonde, ili ndi tsiku lobweza. Musaiike panyanja. Gulani imene mukuiona ndi maso, muikhudze, muikweze pa chitunda chanucho musanalipire. Mulipira mokwererapo, inde, koma mugona tulo. Mukafunabe kuoda, pitani kaye ku MRA mukafunse msonkho wa galimoto imeneyo, chifukwa umatengera kukula kwa injini ndi zaka zake, ndipo ambiri amawerengera mtengo wa pa intaneti wokha n'kudzadzidzimuka pa boda. Mufunsenso auction sheet, pepala lofotokoza mmene galimotoyo inalili poigulitsa ku Japan. Ikalembedwa R ndiye kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa.

Pogula ya muno, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Makilomita a pa dashibodi musawakhulupirire, amabwezedwa. Onani chiwongolero mmene chaperesekera, labala wa pa buleki, mpando wa dalaivala. Galimoto yolemba 70,000 koma chiwongolero chikunyezimira ngati mpini wa khasu, ikunama. Nambala ya chassis ya pa galimoto ifanane ndi ya pa blue book, chilembo ndi chilembo, muwerenge nokha. Dzina la pa blue book likhale la munthu amene akukugulitsaniyo, aonetse chitupa chake. Ndipo kusintha umwini mupitire limodzi ku Road Traffic, inu ndi iye, tsiku lomwelo lopereka ndalama. Musapatse dobadoba mapepala anu kuti akuyendereni. Mnzanga wina wayenda zaka zitatu ndi galimoto ya dzina la munthu amene anapita ku Joni, sangaigulitse, COF, chitupa chija choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ikatha amavutika.

Dalaivala wa Limbe–Thyolo

Amayi, ine Sienta ndi khasu langa, ndimayenda nayo msewu wa kwanu ku Thyolo kanayi patsiku. Musainyoze chifukwa ndi takisi. Ife tinaisankha chifukwa imapirira ndipo ikawonongeka m'mawa masana imakhala yabwerera pamsewu.

Koma chenjerani, ma Sienta ambiri otchipa amene akugulitsidwa ndi athu omwewa, atatopa. Amachotsa nambala zofiira, amaipaka polishi, n'kumati inali ya mayi wina wa ku banki. Kokani chitseko chakumanzere chija. Ngati chikulemera kapena chikugwedera pa njanji yake, chatsegulidwa kambirimbiri patsiku. Kwezani kapeti kumbuyo muone ngati pansi panapindika. Yang'anani masipuling'i akumbuyo, ife timaika a galimoto zina kapena kulowetsa labala pakati kuti isakhale pansi. Mukaona zimenezo, thawani.

Za mwala wanuwo amakanika anena zoona, ikalemedwa imakhula. Ine ndinawotcherera chitsulo pansi pa sampu.

Amayi anu ali chakuti ku Thyoloko? Ngati ndi kolowera m'minda ya tiyi, nthawi ya chiperoni dothi lofiira lija limaterera ngati sopo. Kumeneko chofunika ndi matayala abwino kuposa mtundu wa galimoto. Musagule matayala akaunjika.

Mayi a Tadala, Machinjiri

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawirikawiri, zina ndawawerengera bambo pa foni. Pepani ndachedwa kuyankha, ndimafuna ndiyese kaye ndisanalankhule.

Loweruka lapitali ndinabwereka Sienta ya achemwali anga. Tinaikamo matumba onse asanu nthawi imodzi, koyamba m'moyo wanga kugula chakudya cha sabata yonse ulendo umodzi, ndipo malo anatsala. Pa tala ndinasangalala nayo. Titafika pa mjigo ndinatsika, ndinauza Tadala kuti agwade pambali aziona pansi, ine n'kumayendetsa pang'onopang'ono. Anakuwa kuti imani. Panatsala mpata wosalowa ngakhale chala, ndipo tayala lakumbuyo linali lisanatsike n'komwe pa mwalawo. Tinatsitsa matumba awiri, anyamata a pa mjigo anawanyamula pamutu. Galimoto ya eni ake sindikanailola kukhula.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinapempha bambo wina wa mumpingo mwathu amene amagulitsa buledi ndi Probox. Ndinachita manyazi kupempha, koma anavomera ndi mtima umodzi. Matumba omwe aja tinawakwezanso, asanu, ndi ana awiri kumbuyo. Inadutsa pa mwala paja osamva kanthu. Ndinabwerera dala n'kudutsanso kachiwiri, pakati penipeni, osapendekeza. Chitunda chomaliza inakwera ana ali momwemo. Abale, ndinakhala chete m'galimoto muja kwa kanthawi, chifukwa zaka zinayi ndakhala ndikupemphera ndikamafika pamalo amenewo.

Kenako tinayesa mazira, mathireyi khumi, kutsika nawo mpaka pa tala n'kubwerera. Amakanika munanena zoona, imadumpha. Mazira atatu anang'aluka. Tinayala matumba awiri a utuchi wa m'khola pansi, pamwamba pake kamatiresi kakale ka mwana, n'kuyesanso. Palibe limene linasweka.

Mpando wakumbuyo ndi wouma ndithu. Ana sanadandaule, koma amayi anga ndi msana wawo sangakhalepo mpaka ku Queens tsiku la sikelo yawo ya shuga. Ndaganiza kuti iwo azikhala kutsogolo, ine kumbuyo ndi ana, bambo akuyendetsa.

Achimwene a Aqua, mawu anu sindinawataye. Ndinawerengera mafuta amene ndingapulumutse ndi Fielder ya hybrid, ndi ambiri ndithu. Koma ndalama yoonjezerayo ndiyenera kudikira mwina chaka, dzinja likubwerali Vitz silimaliza, ndipo mchira wa Fielder ndi ngalande zathu sizidzagwirizana. Mwina m'tsogolo muno tala akadzafika kwathu.

Bambo anali pomwepo Lamulungu. Poyamba anangoima patali manja ali m'thumba. Kenako anapempha makiyi, anaiyendetsa okha mpaka kumsika n'kubwerera. Atatsika anangoti, imakoka. Za Mark X sanazitchulenso, inenso sindinazitchule. Ndikudziwa kuti zawapweteka pang'ono, ndipo ndawalonjeza kuti ngongole ikatha tidzayamba kusungira yawo.

Tsopano ndapeza Probox ya 2011, ya 1.5, yoyera, ili kwa munthu ku Bangwe. Blue book ili m'dzina lake, ndaona ndi chitupa chomwe, nambala ya chassis ndinawerenga ndekha monga munanenera akulu a ku Chigumula, ndipo wavomera kupita nane ku Road Traffic. Zinthu ziwiri zikundivutitsa. Ndi ya manual. Laisensi ndinatengera manual koma papita zaka zambiri, ndipo ndikaganiza za mzere wa magalimoto mu Limbe madzulo, mwendo wakumanzere ukuyamba kale kuwawa. Chachiwiri, nditasuzumira pansi ndinaona kuti ndi popakidwa utoto wakuda watsopano, wonyezimira, mpaka pa ekizozi pomwe. Mwini wake akuti anapaka poteteza dzimbiri. Kodi ndi zoona, kapena akubisa kanthu?

Makanika wa ku Ndirande

Manual musaiope mayi, sabata imodzi mwendo uzolowera, ndipo pa chitunda chanucho giya wani ndi mnzanu. Clutch plate yake ndi yotchipa poyerekeza ndi giyabokosi iliyonse ya automatic. Poyesa, ikani giya folo mukuyenda pang'onopang'ono, pondani moto. Injini ikalira galimoto osathamanga, kilatchi yatha, muchotsere pa mtengo.

Utotowo ndiye wandiimitsa. Zikhoza kukhala zoona, ena amapakadi. Koma galimoto zochokera kumpoto kwa Japan, kumene kumagwa chipale, zimadyedwa pansi ndi mchere umene amathira m'misewu, ndipo wofuna kubisa amapaka chonchi, mothamanga, mpaka pa ekizozi pamene utoto sufunika. Musalipire musanaikweze pa pit, dzenje lija la kugalaja loonera pansi pa galimoto. Mutenge tochi ndi sikuludiraiva yaikulu. Mugogode ndi kubaya m'mphepete monse pansi pa zitseko, pamene jeke amagwira, pamene masipuling'i akumbuyo akhazikika, ndi pansi pa malo a sipeya tayala. Chitsulo chabwino chimalira ngwee. Chodyeka chimalira phuu, nthawi zina sikuludiraiva imangolowa. Mukwezenso kapeti wa kumapazi a dalaivala muone kuchokera m'kati. Mwini wake akakana kuti mubaye, musakangane naye, ingotsanzikani.

Mayi a Tadala, Machinjiri

Ndamuimbira, wavomera za pit, wati ndibwere ndi makanika amene ndikufuna. Ndapempha kuntchito kuti Lachitatu ndilowe masana. Tochi ndili nayo ya m'khola, sikuludiraiva ndibwereka kwa aneba. Pansipo pakakhala bwino, ndimupempha kuti tipite nayo kaye ku Machinjiri ndi matumba asanu tisanapite ku Road Traffic.